Kuluka Makakitasi Okongoletsera M'nyumba: Mafunso ndi Mayankho

Kakitasi woluka ndi ulusi safuna madzi, sabaya, ndipo safota mukachokapo mwezi wathunthu. Koma kuti aime njo mumphika, nthiti zake zikuoneka bwino, pamafunika zinthu zitatu zimene ambiri amazithamangira: kuluka kothina, kupakira mkati modekha, ndi cholemera pansi. Miyeso yonse m'munsimu ndi ya ulusi wa DK (wonenepa pakatikati) ndi masingano a 3.25 mm, pokhapokha pamene tatchula zina.

Kodi ndiyenera kukhala wodziwa kale kuluka?

Ayi. Ngati munalukapo kachipewa ka mwana kapena sikafu, muli nazo kale zofunika. Masitichi ake ndi awiri okha, knit ndi purl. Pa knit singano imalowa kutsogolo kwa sitichi, ulusi uli kumbuyo, ndipo pamatuluka kachizindikiro konga V. Pa purl ulusi umakhala kutsogolo, ndipo pamatuluka kabampu. Kuwonjezera apo mudziwe kukweza masitichi pa singano poyamba, kuluka masitichi awiri pamodzi pofuna kuchepetsa, ndi kusoka msoko ndi singano yobuntha ya diso lalikulu. Basi. Woyamba kumene akhoza kumaliza kakitasi mmodzi madzulo awiri kapena atatu. Wozolowera amamaliza m'maola awiri kapena atatu, kuphatikiza dothi loluka la mumphika ndi duwa.

Ndiluke wa mtundu wanji?

Ndi bwino kuyamba mwaona chithunzi cha chomera chenicheni, chifukwa maonekedwe ake ndiwo amakuuzani sitichi yoyenera. Makakitasi kwawo ndi ku America, ndipo mitundu inayi ndiyo imalukidwa kwambiri.

Wamtali wokhala ndi mikono, amene ambiri amamuganizira akangomva dzina loti kakitasi, ndi saguaro. Amamera m'chipululu cha Sonoran, ku Arizona ndi kumpoto chakumadzulo kwa Mexico, amatalika kupitirira mamita 12, ndipo nthawi zambiri sayamba kutulutsa mikono asanakwanitse zaka 50. Thunthu lake lili ndi nthiti zoimirira zomwe zimatambasuka mvula ikagwa n'kufinyikanso chilala chikabwera. Rib ya oluka, kuluka kosinthanitsa knit ndi purl mumzere, imachita chimodzimodzi, n'chifukwa chake imamuyenera kwambiri. Wachiwiri ndi wozungulira ngati mgolo, monga Echinocactus grusonii wa ku Mexico, wa minga yachikasu. Wachitatu ndi Opuntia, wa zigawo zaphwatalala zomera china pamwamba pa chinzake, amene kwathu ena amamutcha kaloga. Wachinayi ndi Mammillaria, wamfupi, wa tizibampu thupi lonse, amene maluwa ake amazungulira pamutu ngati nkhata.

Nkhadze ya m'mipanda yathu si kakitasi, ndi ya mtundu wa Euphorbia, yotuluka utomoni woyera. Komabe palibe chokuletsani kuiluka.

Poyamba lukani wamtali wopanda mikono.

Ulusi wabwino ndi uti, ndipo wochuluka bwanji?

Ulusi wa akiriliki wa DK, womwe timalukira majuzi a ana, ndi wokwanira. Ndi wotsika mtengo, njenjete siziudya, ndipo umatambasuka n'kubwerera. Mpukutu wa magalamu 100 umakhala ndi mamita pafupifupi 280 mpaka 300, pamene kakitasi wamtali wa masentimita 10 amadya magalamu 10 mpaka 15 okha. Ndiye kuti mpukutu umodzi wobiriwira ukupatsani makakitasi asanu ndi mmodzi kapena kuposa. Dothi limafuna magalamu 10 a ulusi wofiirira, ndipo duwa ndi minga zimatha ndi zotsala.

Ulusi wa thonje umaonetsa masitichi bwino kwambiri, koma sutambasuka, moti rib yake imafwamphuka msanga mukapakira ndipo manja amatopa. Wa ubweya wa nkhosa ndi wabwino poluka koma njenjete zimaukonda. Pewani ulusi waubweyaubweya kapena wonyezimira pa thunthu, chifukwa umabisa nthiti. Pa mtundu, wobiriwira modera, wotuwirako kapena wa ngati tsamba la mlombwa wouma umaoneka ngati chomera chenicheni kusiyana ndi wobiriwira wowala. Wakuda kwambiri nawo umameza nthiti, sizioneka ukakhala patali.

Pa pepala la ulusi alemba masingano a 4 mm. N'chifukwa chiyani mukuti 3.25 mm?

Nambala ya pa pepalayo ndi ya chovala, chomwe chimayenera kufewa ndi kugwa bwino pathupi. Chinthu chopakira mkati chimafuna kuthina, apo ayi mipata ya pakati pa masitichi imatseguka ndipo zoyera za mkati zimasuzumira. Tsikani ndi theka la milimita mpaka milimita imodzi. Pa DK gwiritsani 3 mm kapena 3.25 mm, pa ulusi wopyapyala wa 4-ply 2.5 mm, pa wonenepa wa aran 3.75 mm kapena 4 mm.

Masingano akale ambiri ali ndi manambala a ku Britain, amene amakwera singano ikamachepa: nambala 8 ndi 4 mm, nambala 10 ndi 3.25 mm, nambala 11 ndi 3 mm, nambala 12 ndi 2.75 mm. A ku America amayenda mosiyana, kumeneko nambala 3 ndiyo 3.25 mm. Ngati mumalukira masipoko a njinga, dziwani kuti sipoko wamba ndi ya mamilimita awiri, choncho imayenera ulusi wopyapyala, ndipo kakitasi wanu atuluka wamng'ono kuposa miyeso ili pano. Masingano osema ku nsungwi amagwira bwino ntchito bola muwapale ndi sandipepa mpaka asamakole ulusi.

Kuyesa n'kosavuta. Lukani kachidutswa, kakokeni ndi zala, kayang'aneni kowala. Mukaona mipata yoti mutu wa machesi ungadutse, chepetsani singano.

Ndiuzeni njira yonse ya kakitasi wamtali.

Kwezani masitichi 38, n'kusiya mchira wa ulusi wa masentimita 30 woti mudzasokere pansi.

Mzere woyamba, womwe ndi wa mbali yakunja: knit awiri, kenaka purl awiri ndi knit awiri mobwereza mpaka kumapeto. Mzere wachiwiri, wa mbali yamkati: purl awiri, kenaka knit awiri ndi purl awiri mpaka kumapeto. Bwerezani mizere iwiriyi mpaka cholukacho chitalike masentimita 11, ndipo mumalizire ndi mzere wa mkati.

Tsopano kuumba mutu. Pa mzere wakunja, lukani knit awiri, kenaka ma purl awiri aja muwaluke pamodzi ndi kupitiriza knit awiri, choncho mpaka kumapeto. Atsala masitichi 29. Pobwerera lukani sitichi iliyonse momwe ikuonekera, ya V ndi knit, ya bampu ndi purl. Mzere wakunja wotsatira, ma knit awiri aliwonse alukeni pamodzi, purl imodzi ya pakati muisiye momwemo. Atsala 19. Bwererani ngati poyamba. Mzere womaliza, knit imodzi, kenaka awiriawiri pamodzi mpaka kumapeto. Atsala 10. Dulani ulusi kusiya masentimita 40, ulowetseni m'masitichi khumiwo ndi singano yosokera kawiri, kokani kuti patsekeke.

Ndi ulusi womwewo sokani msoko kutsika m'munsi, mbali yakunja ikukuyang'anani. Tolani kaulusi kopingasa kamene kali pakati pa sitichi ya m'mphepete ndi yachiwiri, uku ndi uku mosinthana, n'kumakoka pakatha masentimita awiri alionse. Apa ndi pamene nambala 38 imaonetsa ntchito yake. M'mphepete monse muli knit awiri, msoko umameza imodzi mbali iliyonse, ndipo ziwiri zotsalazo zimakumana n'kupanga nthiti yofanana ndi zinzake zisanu ndi zitatu. Msoko suonekanso. Mukafuna wonenepa kapena wowonda, wonjezani kapena chotsani masitichi anayianayi, monga 30, 34, 42, 46.

Pakirani kudzera pansi, kenaka yendetsani mchira uja m'mphepete mwapansi, kokani, mangani. Atuluka wotalika masentimita 10 kapena 11, wonenepa masentimita asanu.

Ndaona ena akuluka chammbali. Kusiyana kwake n'kotani?

Pamenepo masitichi amene mwakweza ndiwo msinkhu wa kakitasi, ndipo mizere ndiyo imazungulira thupi. Kwezani 26. Mzere woyamba knit, wachiwiri purl, wachitatu knit, wachinayi knit, wachisanu purl, wachisanu ndi chimodzi knit. Bwerezani kasanu ndi katatu, kukwana mizere 48, tsekani, sokani poyambira ndi pothera pamodzi, kenaka sonkhanitsani pamwamba ndi pansi ndi ulusi. Nthiti zake zimatukuka kwambiri ndipo palibe kuchepetsa masitichi, n'chifukwa chake njirayi ndi yabwino pophunzitsa ana. Vuto lake ndi pamutu, pomwe pamachuluka makwinya ndipo pamatsala kabowo. Poyendetsa ulusi tolani nsonga za nthiti zokha, kusiya zigwa zipindikire mkati, ndipo kabowo kotsalako kabiseni ndi duwa.

Nanga wozungulira ngati mgolo?

Njira ndi yomwe ija, koma kwezani 50 ndipo lukani masentimita asanu ndi atatu musanayambe kuchepetsa. Masitichi atsika kuchoka pa 50 kufika 38, kenaka 25, kenaka 13, ndipo muwonjezere mzere wina wochepetsa kuti atsale 7.

Mukangopakira amaoneka ngati mpira wamba. Chomusandutsa kakitasi ndi kumumanga. Tengani ulusi wobiriwira wotalika mita imodzi ndi theka, ulowetseni pansi pakati, utulukire pamutu pakati, muutsitse kunja motsata chigwa cha purl, mulowenso pansi. Kokani pang'ono mpaka mutu ubire mkati, ndipo chitani zimenezi kasanu ndi kamodzi, kudumpha chigwa chimodzi nthawi iliyonse. Kokani mofanana. Chigawo chimodzi chikathina kuposa zinzake, amapendekera mbali imeneyo ndipo simungamuwongole popanda kumasula.

Mikono yanga ikungotambalala kapena kulendewera. Ndiipinde bwanji?

Mkono ndi kakitasi wamng'ono: masitichi 18, rib ya masentimita asanu ndi awiri, kuchepetsa monga kale. Musatseke pansi pake. Upakireni mothina kuposa thunthu, makamaka pa chigongono.

Njira yapafupi yopindira ndi iyi. Pa mbali imene idzayang'ane kumwamba, kuyambira sentimita imodzi kuchokera kotseguka, sokani timasitichi ting'onoting'ono tolowa ndi kutuluka pa mtunda wa masentimita atatu, n'kukoka. Mbali imeneyo ifupika ndipo mkono upindika wokha. Mangani zolimba. Ena amaika waya wofewa mkati, wopindidwa nsonga zonse ziwiri ndi kukulungidwa ndi tepi kuti asaboole. Waya amapinda bwino, koma amachita dzimbiri mukachapa ndipo sayenera kupezeka m'chinthu chimene mwana angagwire.

Posokerera pa thunthu, yambani mwaugwiriza ndi mapini n'kumuimika kakitasi patebulo kuti muone. Sokani kuzungulira kawiri. Mikono iwiri isakhale pa msinkhu umodzi, chifukwa chomera chenicheni sichimera chotero. Wina ukhale pakati pa thunthu, wina m'munsi pang'ono, ndipo wina ufupike. Mkono ukamagwabe, ugwirizeni ku thunthu ndi ulusi umodzi wobisika chakumtunda kwake.

Kaloga amalukidwa bwanji, poti ndi waphwatalala?

Chigawo chilichonse chimafuna zidutswa ziwiri. Kwezani 6, lukani knit mizere yonse, ndipo pa mzere wachiwiri uliwonse wonjezani sitichi imodzi koyambirira ndi ina kumapeto mpaka akwane 16. Lukani mizere 12 osasintha, kenaka chepetsani mbali zonse ziwiri pa mzere wachiwiri uliwonse mpaka atsale 8, n'kutseka. Kopapatiza kuja ndiko pansi. Zigawo zazing'ono zapamwamba ziyambe ndi 4 n'kufika 10.

Musamupakire ngati pilo. Dulani pulasitiki ya chivundikiro cha kontena ya majarini, yocheperako ndi theka la sentimita kuzungulira konse, zungulizani ngodya zake, ikani kafayiba ka m'mapilo kochepa mbali zonse ziwiri, ndipo sokani zidutswa ziwirizo kuzungulira. Katoni imagwiranso ntchito koma imafewa nyengo ya mvula.

Ndipakire chiyani mkati, ndipo ndidziwa bwanji kuti zakwana?

Apa ndi pamene makakitasi ambiri amaonongekera, ngakhale olukidwa bwino. Chabwino koposa ndi fayiba ya poliyesitala, yoyera yofewa ija ya m'mapilo ndi m'zidole. Pilo wakale wochapidwa n'kuuma bwinobwino akupatsani yokwanira makakitasi ambiri, koma muyambe mwaimwaza ndi zala chifukwa imakhala itagwirana. Wamtali uja amafuna magalamu 15 mpaka 20. Thonje la ku famase limaumbika mibulu ndipo likanyowa silibwereranso. Usufu ndi wopepuka komanso wofewa, koma suchapika bwino ndipo umagwira moto msanga. Zidutswa za nsalu ndi zotsala za ulusi n'zolemera ndipo zimapanga mabampu, choncho ziikeni pakatikati, fayiba izikute kunja, kapena zisungireni dothi. Siponji yodulidwa tizidutswa imaonekera ngodya zake.

Tengani pang'onopang'ono, kachigamphu kosaposa dzira la nkhunda. Koyamba kakankhireni mpaka kumutu ndi kumbuyo kwa pensulo, kuti mutu uzungulire. Kotsatira kalowetseni pakati pa kamene kalimo kale, kuti zatsopano zizikankhira zakale kunja. Mukamangosanjikiza chigamphu pamwamba pa chinzake, pamatuluka makosi pakati pake ndipo kakitasi amaoneka ngati soseji yomangidwamangidwa. Pakatha zigamphu zitatu zilizonse mugubuduzeni pakati pa zikhatho.

Zakwana pamene mukamufinya ndi zala ziwiri akubwerera msanga, koma zigwa za purl zikuonekabe zakuya. Zikachepa, amaima lero, koma pakatha milungu iwiri fayiba imakhazikika ndipo mutu umagwa zyoli. Zikachuluka, rib imatambasuka yonse, nthiti zimafafanizika, n'kutsala chinthu chosalala ngati nkhaka. Mwa ziwirizi, kuchulutsa n'kosavuta kukonza, mumangochotsako musanatseke. Choncho musamange pansi tsiku lomwelo ngati mukukayika. Musiyeni agone usiku umodzi, m'mawa muone ngati pakufunika kuwonjezera, makamaka m'munsi momwe mumanyamula thupi lonse.

Zoyera zikuonekera m'mipata. Ndimasule zonse?

Osamasula. Chotsani fayiba, ilowetseni m'sokosi yopyapyala yakuda kapena yobiriwira, kapena m'chidutswa cha sitokini yakale, n'kubwezeramo. Choyambitsa chimakhala singano yaikulu, kupakira mopitirira, kapena sitichi ya purl yoyamba pambuyo pa knit, imene kwa ambiri imatayirira chifukwa ulusi umayenda mtunda wautali pobwera kutsogolo. Pa wotsatira, kokani ulusi pang'ono mukangoluka purl yoyambayo.

Akungogwa mumphika. Ndichite chiyani?

Pali malo atatu oti muone: kulemera kwa pansi, kuthina kwa dothi mumphika, ndi msoko wa pakati pa kakitasi ndi dothi.

Mphika woyenera ndi wa kukamwa kwa masentimita asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Kamphika kadothi n'kabwino chifukwa n'kolemera kale, koma kapu yothyoka chogwirira kapena chitini chaching'ono chopakidwa penti zimagwiranso ntchito. Pansi pake ikani timiyala totsuka ndi kuuma, kapena mchenga wouma womangidwa m'kapulasitiki, mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a mphika. Musaike mpunga, nyemba kapena chimanga, ngakhale mapatani ambiri akunja amatero. Kwathu kuno zimenezo zimaitana anankafumbwe ndi makoswe, ndipo chinyezi cha dzinja chimazichititsa nkhungu.

Dothi lilukeni chonchi: masitichi 44 a ulusi wofiirira, knit mizere yonse kuti lioneke lamabampu ngati nthaka, masentimita asanu ndi anayi. Sokani mbali, sonkhanitsani pamwamba, pakirani, sonkhanitsani pansi. Likhale lokulirapo pang'ono kuposa kukamwa kwa mphika kuti lilowe mochita kukankha, ndipo likhale sentimita imodzi pansi pa mlomo.

Sokererani kakitasi pa dothi musanalowetse mumphika. Cholakwa chofala ndi kusoka pakatikati pokha, pamene pali mfundo, ndiye amagwedera ngati dzino. Sokani mozungulira bwalo lotambalala ngati thunthu lenilenilo, kutola sitichi ya kakitasi ndi ya dothi mosinthana, kawiri kuzungulira. Wotalika kupitirira masentimita 12, kapena wa mikono, amafuna msana: kamtengo ka nsungwi kowongoka, kosasongoka, kolowa kuchokera pansi pa dothi mpaka kutsala masentimita awiri kuti kafike kumutu. Ngati ndi wogulitsa kapena wotumiza kutali, pakani guluu pang'ono mkati mwa mlomo wa mphika, koma dziwani kuti mukatero simudzamutulutsanso kuti mumuchape.

Minga ndiipange ndi chiyani?

Njira yolimba kwambiri ndi kupeta. Ndi ulusi woyera kapena wachikasu wopyapyala, petani ka V kapena kanyenyezi ka mizere itatu pamwamba pa nthiti, motalikirana sentimita imodzi ndi theka, ndipo pa nthiti yoyandikana nayo muziike pakati pa za inzake, osati moyang'anizana. Ulusi uziyenda mkati mwa fayiba pochoka pa munga wina kupita pa wina, osaukoka kwambiri kuopa kuboola zigwa pathupi.

Mukafuna minga yoimirira, dulani tiulusi ta masentimita asanu, pindani pakati, kokerani chopindacho pansi pa sitichi imodzi, lowetsani nsonga ziwirizo m'chopindamo, kokani, ndipo dulani kusiya theka la sentimita kapena sentimita imodzi. Ulusi wa DK ndi wonenepa pa ntchito imeneyi, upatuleni n'kugwiritsa chingwe chimodzi kapena ziwiri. Kuti iume, ikhudzeni ndi chala chonyowetsedwa m'guluu woyera wa matabwa wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana. Pa kaloga, timfundo tating'ono toyera tomwazikana n'tokwanira.

Minga yochepa imakongola kuposa yambiri. Ikachuluka imabisa nthiti zimene mwavutikira. Otunga ambiri amasiya minga yonse n'kumabayamo mapini awo, kakitasi n'kukhala posungira mapini.

Duwa losavuta ndi liti?

Ndi ulusi wofiira, wapinki kapena wachikasu, ikani sitichi imodzi pa singano. Kwezani ena anayi, tsekani anayi, itsale imodzi. Kameneko ndi kapetulo kamodzi. Bwerezani kasanu ndi kawiri, dulani ulusi, uyendetseni m'munsi mwa tonse, kokani kuti tizungulire, ndipo pakati petanipo mfundo yachikasu. Maluwa a makakitasi ambiri amatuluka chakumutu, ndipo a kaloga amatuluka m'mphepete mwa chigawo chakumwamba. Duwa limodzi losokerera chammbali pang'ono limaoneka lachilengedwe kuposa lokhala pakatikati ndendende.

Ndingaluke mozungulira kuti pasakhale msoko?

Inde, ndi masingano anayi osongoka mbali zonse, kapena singano ya chingwe ya masentimita 80. Chotsani masitichi awiri a msoko, mukweze 36, ndipo mzere uliwonse ukhale knit awiri, purl awiri. Gawani 12 pa singano iliyonse kuti iliyonse iyambe ndi knit, chifukwa kuyamba ndi purl kumasiya kampata kotsika ngati makwerero. Yambani kupakira musanachepetse komaliza ngati pansi mwatseka kale.

Ulusi womasula ku juzi yakale ungagwire ntchito?

Kwambiri, ndipo pa kaunjika pamapezeka mitundu yobiriwira imene m'sitolo simungaipeze. Musanagule, tembenuzani juzi muone misoko. Ngati m'mphepete munadulidwa n'kupitidwa ndi makina a ovaloko, mzere uliwonse utuluka kaulusi kakekake, isiyeni. Ngati zidutswa zinalukidwa pazokha n'kulumikizidwa, imasuka ulusi wautali, kuyambira kumtunda kutsika. Ulusiwo umatuluka wopotanapotana. Ukulungeni kuzungulira msana wa mpando, mangani malo anayi, uviikeni m'madzi ofunda mphindi 20, finyani m'thaulo, ndipo uyanikeni pamthunzi mutapachikako kanthu kolemera pang'ono.

Kuti mudziwe mtundu wake, otchani kachidutswa panja. Wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopsa, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka. Akiriliki amasungunuka n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Thonje limanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa lotuwa.

Ndingampatse mwana wamng'ono kuti aziseweretsa?

Wa mumphika uja ndi chokongoletsera, si chidole. Muli timiyala, kamtengo, mwina waya. Wa mwana wosakwana zaka zitatu alukidwe payekha, wopanda mphika, mikanda, mabatani, maso apulasitiki kapena minga yomangirira imene ingazuke. Nkhope ndi minga zikhale zopeta, ndipo duwa lisokedwe moti mukalikoka mwamphamvu lisasunthe.

Fumbi likamutuwitsa ndimuyeretse bwanji?

M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mukunthireni panja kamodzi pa mlungu ndi kumupukuta ndi mswachi wofewa wouma motsata nthiti. Tepi yomata imachotsa tiubweya ndi tsitsi. Akada kwenikweni, mutulutseni mumphika, sololani kamtengo, mumuviike m'madzi ofunda a sopo pang'ono, mufinyefinye osapotokola, tsukuluzani, mukulungeni m'thaulo n'kupondereza, ndipo muumitseni pamthunzi podutsa mphepo. Mkati mumachedwa kuuma, mupatseni masiku awiri kapena atatu, apo ayi adzanunkha chinyezi. Osamusita, chifukwa akiriliki akatenthedwa amalobodoka ndipo rib sibwereranso. Pawindo lowomba dzuwa tsiku lonse mtundu umasuluka mbali imodzi, choncho muzimutembenuza. Musamuike pafupi ndi kandulo, koloboyi kapena mbaula.

Mapatani a pa intaneti ali m'Chingerezi chachidule. Ndiwawerenge bwanji?

Pa Ravelry, malo a oluka amene anayamba mu 2007, pali mapatani ambiri a makakitasi, ena aulere, ndipo pa YouTube mungaone manja akuchita sitichi iliyonse. Zidule zofunika n'zochepa. Chilembo k ndi knit, p ndi purl, k2tog ndi kuluka awiri pamodzi ndi knit, p2tog chimodzimodzi ndi purl, kfb ndi kuluka kutsogolo ndi kumbuyo kwa sitichi imodzi kuti akhale awiri, RS ndi mbali yakunja, WS yamkati, rep ndi kubwereza. Mapatani a ku America amati bind off pamene a ku Britain amati cast off, ndipo ulusi umene iwo amautcha worsted uli pafupi ndi aran. Onetsetsaninso kuti patani ndi ya masingano awiri, chifukwa zithunzi zambiri za makakitasi okongola n'za oluka ndi kasingano kamodzi kokowera, ndipo malangizo ake ndi ena.

Ndikufuna kugulitsa. Mtengo ndiwerengere bwanji?

Yezani kakitasi womaliza pa sikelo ya kukhitchini musanamupakire, kuti mudziwe gawo la mpukutu limene wadya. Wonjezani fayiba, mphika, guluu ndi chokulungira. Mupeza kuti mphika ndiwo umadula kuposa ulusi, choncho kukambirana ndi woumba miphika kuti akuumbireni tambiri ta muyeso umodzi kumathandiza, komanso dothi lanu loluka limakwana monse osasintha nambala ya masitichi. Kenaka werengani maola anu moona mtima, kuphatikiza kusoka ndi kupeta, zomwe nthawi zambiri zimatenga nthawi yofanana ndi kuluka kwenikweniko. Kuluka mathunthu asanu motsatizana, kenaka madothi asanu, kenaka maluwa, kumafulumira kuposa kumaliza mmodzimmodzi. Atatu osiyana msinkhu ndi mtundu akaikidwa pamodzi amakopa maso kuposa mmodzi. Ngati patani mwaitenga kwa wina, werengani zimene mwini wake analemba, chifukwa ena amalola kugulitsa zoluka pamanja pomwe ena salola. Potumiza pa basi, kulungani mphika m'nyuzipepala paokha, timiyala mutimange m'kapulasitiki, ndipo kakitasi mumugoneke pambali pake m'katoni, wolandirayo akalowetse yekha.